Adandipatsa makiyi ndisanaphunzire kumvetsera

Ndandanda wa malo okaphunzirirako ntchito utatuluka, gulu lathu la pa WhatsApp lidatentha usiku wonse. Amene adaponyedwa ku matenite ankadandaula za manaiti, a ku wodi ya ana ankadandaula za kulira kwa makanda, koma ife khumi ndi awiri amene mayina athu adali pansi pa mutu wa matenda a m'maganizo tidasanduka choseketsa. Wina adanditumizira chithunzi cha munthu wovala masaka, pansi pake atalemba kuti "iweyo pakutha pa mwezi". Wina adati tikaguliretu nsapato zothamangira. Nanenso ndidaseka nawo. Koma foni nditaiika pansi ndidasowa tulo.

Loweruka lake ndidakwera minibasi kupita kwathu ku Kawale kukauza amayi. Ndidawapeza pakhonde akusadzula nkhwani. Adamvetsera manja osaleka ntchito, kenaka adati: "Sukulu yonseyi ndavutikira kuti uzikasunga amisala? Amati wosunga amisala naye mutu umadzazungulira. A pakhomo panowa sakutikwana?"

A pakhomo panowa ankanena amalume, amene nthawi imeneyo adali kuseri kwa nyumba akuwothera dzuwa.

Amalume ndi mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Ine ndili mwana adali makaniko wodziwika ku Biwi, mwa aja amangomvera kulira kwa injini n'kukuuza chavuta asanatsegule boneti. Ankabwera madzulo ovolosi ili bii ndi girizi, m'thumba muli mabanzi athu. Mu 2013, ndili Sitandade 7, adayamba kusagona. Ankazungulira nyumba usiku, ati wailesi ya aneba ikuwatchula dzina. Kenaka adasiya kudya nsima yophika amayi, ati muli mankhwala. Tsiku lina adaswa magalasi a galimoto ya kasitomala ndi sipanala, ndipo madzulo ake amuna anayi a mumdadada mwathu adawagwira n'kuwamangirira pabedi, manja ndi miyendo, ndi chingwe choyanikira zovala. Chingwecho adapereka ndi amayi. Mikwingwirima yake pamikono ya amalume ndimaionabe m'maso mwangamu.

Zotsatira zake ambiri a inu mukuzidziwa, chifukwa njirayi ndi imodzi m'malokeshoni mwathu monse, kaya ndi kwa Tsabango kuno, ku Chinsapo kapena ku Mgona. Agogo adati ndi zolodzedwa, anzawo a kugalaja achita nsanje, ndiye adapita nawo kwa sing'anga kukatemera mphini. Kenaka adabwera a mapemphero a usiku wonse. Aneba ankanong'onezana kuti ndi chamba, chonsecho amalume sadasutepo ngakhale ndudu wamba. Chipatala chidabwera kumapeto, ndalama zitatha, mbuzi ziwiri za agogo zitapita.

Adakhalako miyezi iwiri. Adabwerako onenepa, oyenda pang'onopang'ono ngati asenza ndowa yodzaza, manja akunjenjemera, nthawi zina malovu akutsikira pamalaya. Ana a mumsewu ankawalondola akuwakuwiza. Ine ndidakana kumwera kapu yomwe iwo amwera. Kuchokera apo, kwa zaka khumi zathunthu, kucheza kwathu kudali "mwadzuka bwanji amalume" ndi "ndadzuka mphwanga". Tikukhala mumpanda umodzi.

Ndiye mukuona kuti nthabwala za pa WhatsApp zija zidandigwera pabala.

Chipatala chomwe adatitumiza sindichitchula, odwala akenso sindiwatchula mayina. Ntchito yathu silola. Tsiku loyamba asisitala oyang'anira wodi ya amuna adatilandira bwino n'kutipatsa malangizo atatu: musafulatire munthu amene wakwiya, musakoloweke chilichonse m'khosi, ndipo chitseko mukatsegula muzitseka. Atatero adandipatsa makiyi kuti ndikatenge zofunda kusitolo. Adali ambiri, omangidwa pawaya umodzi, olemera. Nditawalandira mtima udakhala m'malo. Ndidawafumbata m'thumba la yunifomu ngati chithumwa, ndipo ngakhale nditabwerako kusitolo ndidachedwa dala kuwabweza. Podutsa pabwalo ndidaona kuti odwala sankandiyang'ana kumaso. Maso awo ankatsata pomwe makiyi ankalira.

Usiku kuhositelo ndidayamba kuwerenga kuti ndidziwe komwe makiyi amenewa adachokera. Zomwe ndidapeza m'kalasi tidangozidumpha ndi mizere iwiri, koma ndikuona kuti wophunzira unamwino aliyense ayenera kuzidziwa asanalowe m'wodi yotere.

Boma la atsamunda la Nyasaland lidatsegula malo osungirako odwala misala ku Zomba mu 1910. Malowo adali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende. Ambiri otsekeredwamo ankafikamo kudzera kupolisi ndi kubwalo la milandu. Cholinga chidali chowachotsa pamaso pa anthu. Zochiza zidali kutali. Madokotala awiri, Shelley ndi Watson, adafufuza za odwala a kumeneko n'kusindikiza zomwe adapeza mu 1936, ndipo katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan adalemba mbiri ya malowa mu 1983. Madokotala ambiri a nthawi ya atsamunda, m'maiko angapo a mu Africa, ankakhulupirira kuti munthu wakuda akaphunzira sukulu n'kutengera moyo wa Azungu mutu wake umasokonezeka. Ndidaseka ndekha powerenga zimenezi, chifukwa mpaka lero ku Kawale mnyamata wa kuyunivesite akadwala timamva kuti "wapenga ndi mabuku".

Lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwala matenda a m'maganizo lidabwera mu 1948, ndipo dziko lino lidayenda nalo zaka zoposa 70, atsamunda atapita kalekale. Chipatala cha Zomba Mental, choima pachokha komanso cha pansi pa a zaumoyo, chidatsegulidwa mu 1953. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1952, madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker ku Paris adaonetsa kuti mankhwala a chlorpromazine amakhazika pansi odwala omva mawu ndi oona zinthu zomwe ena sakuona. Amenewa ndiwo a Largactil omwe ngakhale agogo anga amatha kuwatchula.

Kunja nkhani ya osamalira odwala idali itayenda kale. Ku Paris komweko, m'zaka za m'ma 1790, odwala a pachipatala cha Bicêtre adamasulidwa maunyolo. Ulemu umapita kwa dokotala Philippe Pinel, koma amene ankakhala ndi odwalawo tsiku ndi tsiku n'kuyamba kuwamasula adali Jean-Baptiste Pussin, munthu yemwe sadali dokotala, yemwe adafika pachipatalapo koyamba ali wodwala matenda ena n'kudzapatsidwa ntchito yoyang'anira wodi. Ku America chipatala cha McLean, m'chigawo cha Massachusetts, chidatsegula sukulu ya anamwino a odwala misala mu 1882. Ku Britain buku lophunzitsira osamalira odwala misala lidatuluka mu 1885, lachikuto chofiira, ndipo mayeso ake adayamba mu 1891. Mu 1913, ku Johns Hopkins, namwino Effie Taylor adaika phunziro la matenda a m'maganizo m'maphunziro a namwino aliyense, osati a okagwira kumalo a amisala okha. Milungu yathu yochepa ija gwero lake ndi limenelo. Kenaka mu 1952 Hildegard Peplau adatulutsa buku lophunzitsa kuti kucheza kwa namwino ndi wodwala pakokha ndi mbali ya mankhwala.

Taikani zaka zimenezi pamodzi. Pomwe Angerezi ankapereka odwala a ku Zomba m'manja mwa asilikali a ndende mu 1910, kwawo buku lofiira lija lidali litakwanitsa zaka 25. Nzeruyo idalipo, kungoti siidakwere nawo sitima yobwera kuno.

Maphunziro a anamwino athu adakula mochedwa. Zipatala za mishoni ndizo zidayamba kuphunzitsa othandizira odwala. Sukulu ya boma ya National School of Nursing idatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba lidakhazikitsidwa mu 1966, Kamuzu College of Nursing idabwera mu 1979, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi College of Medicine kukhala KUHeS. Nthambi ya ku Zomba ya Malawi College of Health Sciences yakhala ikuphunzitsa anamwino omwe ali kale pantchito kuti akhale akatswiri a matenda a m'maganizo. A St John of God adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, adatsegula koleji yawo kumeneko, ndipo pano alinso ku Area 43 mu Lilongwe muno. Madokotala a matendawa akhala ochepa kwambiri: panali zaka zomwe Dr Felix Kauye adali yekha m'boma monse. Tanthauzo lake n'lakuti amene asenza ntchito imeneyi m'dziko muno ndi anamwino ndi makiliniko ofesala. Wodwala wa ku Kawale akapita kuchipatala chaching'ono kapena ku Bwaila, nkhope yomwe akakumane nayo ndi ya namwino. Momwe namwinoyo adaphunzirira ali mwana wa sukulu ndi momwe wodwalayo alandiridwire.

Ndiye tidaphunzira bwanji ife?

Ntchito yaikulu ya wophunzira m'wodi yotere ndi kucheza ndi wodwala kuti uone momwe maganizo ake akuyendera, n'kulemba lipoti lomwe aphunzitsi adzachonge. Mafunso ake tidawaloweza m'Chingerezi. Kuwafunsa m'Chichewa palibe adatiyesapo. Wodwala wanga woyamba adali bambo wachikulire, mphunzitsi wa pulayimale, yemwe matenda ake amati akawakwera amakhala masiku osagona, akuyankhula kosalekeza ndi kugawa katundu wa m'nyumba, kenaka amagwa mphwayi miyezi. Nthawi imeneyo adali atayamba kupeza bwino. Ndidakhala nawo pabenchi, kope pamwendo, n'kufunsa momwe buku limanenera:

"Kodi bambo, mumamva mawu?"

"Eee, ndimamva. Si inu mukuyankhulawa?"

Onse okhala pabenchipo adafa nalo phwete. Namwino wina wamwamuna, wa imvi, yemwe adatsala pang'ono kupuma pantchito, adandikokera pambali n'kundiuza kuti funsolo amafunsa chonchi: kodi zimachitika kuti muli nokhanokha, palibe munthu pafupi, koma mukumva wina akukuyankhulani kapena akukunenani? Adandiphunzitsanso kuti munthu wa kwathu kuno sabwera n'kunena kuti ali ndi matenda a kukhumudwa. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukutentha pakati, thupi lonse likuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Ukangomva za mutuzo umupatsa panado n'kumubweza, mwezi wamawa abweranso. Za kuchotsera 7 pa 100 mobwerezabwereza, zomwe buku limati uyesere nazo ngati munthu akutha kuika maganizo pamodzi, adati mayi wogulitsa tomato umufunse za chenje, uona yekha akukuposa.

Tsiku lina ndidabwerera kwa aphunzitsi aja ndi funso la mwambi. Timafunsa tanthauzo la mwambi kuti tione ngati munthu akutha kuganiza mozama. Ndidati andimasulire wakuti mutu umodzi susenza denga. Adaumasulira bwino kuposa momwe ndikadachitira ine, ndi zitsanzo zomwe, monga munthu wozolowera choko. Atamaliza adati: "Tsono anamwino, inu ndinu gulu lachitatu chibwerere ine muno. Aliyense amandifunsa za ubwana wanga, za akazi anga, za ngongole zanga. Ndimafotokoza zonse. Ikakwana nthawi mumatsanzika, mwapeza mamalikisi anu. Denga langali tisenza ndi yani?"

Palibe chomwe ndidalemba m'kope tsiku limenelo.

Chomwe chidanditembenuza kwenikweni chidachitika mlungu wachitatu. Masana ena idafika galimoto ya bokosi kumbuyo, m'menemo muli mnyamata wa msinkhu wanga atamangidwa manja kumbuyo ndi chingwe cha nayiloni, achibale atatu atamukhalira. Ankakuwa, akutukwana, milomo itauma. Ine miyendo idangoti zii. Amene ndinkaona pamenepo adali amalume a mu 2013, ndipo ine ndidabwerera kukhala kamtsikana kosuzumira pazenera. Dzanja langa lidapita lokha m'thumba kufuna makiyi, koma tsiku limenelo ndidalibe.

Namwino wa imvi uja adayamba wafunsa achibalewo mfunda wa mnyamatayo. Kenaka adanjuta pafupi naye, osati pamutu pake, n'kumuitana ndi mfundawo monga umaitanira munthu wamkulu pamaliro. Adamuuza dzina lake, adamuuza komwe ali, n'kuti: "Mwatopa, achimwene. Timasula dzanja limodzi kuti mumwe madzi. Mukamwa tikubayani jakisoni woti mugone, chifukwa mwakhala masiku osagona." Musaganize kuti mnyamatayo adangoti phee ngati m'filimu. Adalavula madziwo, ndipo pobaya jakisoni adachita kumugwira anthu anayi, ine ndidagwira mwendo. Koma pa chilichonse chomwe tinkachita, namwinoyo ankamuuza kuti tsopano tikuchita chakuti, ndipo chingwe chidachoka asanalowe m'wodi. Patatha masiku asanu mnyamata yemweyo adandifunsa ngati ndingamupezere sopo.

Panja pa geti padatsala mayi ake, atakhala pansi, chingwe chija chili m'manja. Ndidawapatsa madzi. Adati: "Mwana wanga, musandione ngati woipa. Ndidamumanga ndine. Nanga ndikadatani, m'nyumba muli ana aang'ono?" Kwa zaka khumi ndidali ndi kanthu kumtima ndi amayi anga chifukwa cha chingwe choyanikira zovala chija, ngakhale sindidawauzepo. Pageti pamenepo ndidazindikira kuti adagwiritsa ntchito chomwe adali nacho. Namwino wa imvi adali ndi zaka makumi atatu za kuphunzira, mankhwala m'kabati ndi anthu omuthandiza. Amayi adali ndi chingwe ndi aneba.

Mlungu womwewo ndidaphunzira chinanso chomwe chidandichititsa manyazi. Kunjenjemera kwa manja, kuuma kwa thupi, kuyenda kokoka miyendo ndi kutsika kwa malovu kawirikawiri si matenda enieniwo. Zimabwera ndi mankhwala monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi uja wa fluphenazine. Dokotala kapena kiliniko ofesala atha kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera ena monga benzhexol kuti zichepe. Zomwe ndinkanyansidwa nazo pa amalume zidali chizindikiro chakuti akumwa mankhwala mokhulupirika, kuti ife tigone mwamtendere. Odwala ambiri amasiya mankhwala chifukwa cha zomwezi, matenda n'kubwereranso, ndipo ife timati ndi osamva.

Nditabwerera ku Kawale ndidapita kuseri kwa nyumba. Amalume ankakonza wailesi ya aneba, manja akunjenjemera koma sikuludiraiva ikulowa pamalo pake. Ndidakhala pa njerwa n'kuwafunsa ngati akukumbukira ana a sukulu nthawi yomwe adali kuchipatala. Adandiyang'ana kaye, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndikuyankhula ndi iwo.

"Ana a sukulu? Ankabwera ngati ngumbi, mphwanga. Lero ali mbwee, mawa zii. Mafunso awo ndidachita kuwaloweza. Lero ndi lachingati? Pulezidenti ndani? Muli kuti pano? Ena akaiwala funso ndinkawakumbutsa ndine."

Tidaseka tonse, koyamba chichokere ku Sitandade 7. Kenaka adati padali mnyamata mmodzi yemwe atamva kuti iwo ndi makaniko adatseka kope n'kuwafunsa za galimoto ya bambo ake yomwe inkatentha ikakwera mtunda. Amalume adamufotokozera za radiyeta, za fani ndi za pampu ya madzi, mpaka kumujambulira pansi ndi kamtengo. Lolemba lake mnyamatayo adabwera kudzanena kuti vuto lidalidi pampu. "Tsiku limenelo ndidagona ngati munthu," adatero amalume. Dzina la dokotala aliyense adaiwala, koma galimoto ija akuikumbukira mtundu wake.

Ndikunyamuka adati, osakweza mawu, maso ali pa wailesi: "Kapu ija unkaikana ija ndinkaona. Koma udali mwana." Sindidayankhe. Ndidapita kubafa kukalira.

Ndalemba zonsezi chifukwa ndili ndi mawu kwa anzanga amene mayina awo adzatuluke pa ndandanda ulinkudzawu, ndi kwa amene amakonza maphunziro athu m'makoleji onse, a boma ndi a mishoni omwe.

Choyamba ndi chiyankhulo. Timaphunzira matenda a m'maganizo m'Chingerezi, mayeso timalemba m'Chingerezi, koma wodwala timakumana naye m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena. Kumatenite dzanja ndi tepi zimakuuza zambiri ngakhale mayi asayankhule. M'wodi ya matenda a m'maganizo chipangizo chako ndi pakamwa ndi khutu basi. Kutumiza wophunzira kumeneko asanayesere kufunsa m'chiyankhulo cha wodwala kuli ngati kumutumiza kukabaya jakisoni asanagwirepo sirinji. Ndidachita mwayi kukumana ndi namwino wa imvi uja. Nzeru zake zili m'mutu mwake, ndipo akapuma apita nazo kumudzi. Bwanji osakhala pansi ndi anamwino akale otere n'kulemba mafunso amenewa m'ziyankhulo zathu, kuti gulu lililonse lisamayambirenso kuseketsa odwala pabenchi?

Chachiwiri, wodwala timamuona pa nthawi yake yoipitsitsa yokha. Timamuona womangidwa, wokuwa, wogona ndi jakisoni, kenaka timachoka. Sitimuona akukonza wailesi kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake ambiri timachokako tikukhulupirira kuti matendawa sachizika. Chonsecho wodi yaikulu ya matenda a m'maganizo m'dziko muno ili m'makomo, ndipo anamwino ake ndi amayi, azakhali ndi agogo omwe palibe adawaphunzitsapo kanthu. Anzathu a maiko ena adaziona kale zimenezi. Ku Nigeria, mu 1954, dokotala Thomas Adeoye Lambo adayamba kugoneka odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro, aliyense ndi wachibale wake, n'kumalandira chithandizo akukhala pakati pa anthu. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mu Harare, kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo njirayi yafalikira kumaiko ena. Gawo la milungu yathu liyenera kukhala la tsiku la kiliniki kuchipatala chaching'ono ndi kuyendera mabanja, kuti wophunzira aone munthu yemwe wakhala zaka zisanu osagonekedwanso, ndiponso kuti aphunzitse mayi wina chochita mwana akayamba kusagona, chingwe chisanafunike.

Chachitatu ndi ife eni ake. Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo si zopanda nzeru. Malo ophunzirirako ndi ochepa, ophunzira tachuluka, ndiye milungu singatalike. Zitseko zina ziyenera kukhomedwa ndithu, chifukwa munthu amene akufuna kudzipweteka sungamusiyire geti lotsegula. Makiyi ndidawagwira ndipo ndidzawagwiranso. Dziko lomwe amayi akumwalirabe pobereka likufuna azamba, n'chifukwa chake anamwino ena omwe adaphunzira za matenda a m'maganizo amathera kumatenite. Zonsezo ndikuvomera. Koma mayi amene wangobereka kumene n'kumakana kuyamwitsa, akulira osadziwa chomwe akulirira, ali kumatenite komweko. Bambo amene wasiya kumwa ma ARV chifukwa sakuonanso chokhalira ndi moyo ali kukiliniki wamba. Mnzathu amene wasiya kutuluka m'chipinda kuhositelo, fizi yamukanika, chibwenzi chatha, ali pa WhatsApp pomwe tinkatumizirana chithunzi cha munthu wovala masaka. Nkhani za achinyamata odzipha timaziwerenga m'nyuzipepala mwezi ndi mwezi. Mnzathu wotereyo akaona momwe ophunzira unamwino tikusekera, adzauza ndani?

Aphunzitsi aja adatuluka ine ndisanachoke. Adabwera kudzawatenga akazi awo, atanyamula jekete lawo la kusukulu. Potsanzika adandigwira chanza n'kuti ndikapitirize maphunziro. Funso lawo la denga sindidaliyankhe, ndipo sindikuganiza kuti wophunzira wa milungu yochepa angaliyankhe. Chomwe ndingathe n'chakuti ndikamaliza, ndikagwira zaka zomwe zimafunika, ndidzapemphe malo ophunzira unamwino wa matenda a m'maganizo. Anzanga ena akuti ndataya mwayi, ndalama zili ku mabungwe ndi kunja. Mwina akunena zoona.

Amayi sadavomere. Nditawauza adangoti "tiona", n'kupitiriza kupeta mpunga. Koma tsiku la jakisoni wa amalume mwezi wathawu ndidati ndiwaperekeza ndine. Tikutuluka pageti kukakwera kabaza, amayi adandiitana n'kundipatira ndalama ya thiransipoti m'manja. Adayang'ana kumbali, n'kunena motsitsa mawu kuti amalume asamve: "Ukafika uwafunse anzakowo ngati angachepetseko mankhwala onjenjemeretsawa. Iweyo akakumvera."

Ndidakafunsa. Adawasinthira mlingo, ndipo atiuza kuti tibwerenso pa 14.